Nkhope Imene Alamu Anga Anaisalaza

Alamu anga, a Absalom Kanthiti, sanajambulepo munthu wonyansa. Sikuti onyansa kulibe, tilipo ndithu, koma ukadutsa m'manja mwawo umatuluka uli wina. Pachithunzi cha ukwati wanga ndili ndi khosi lalitali lomwe sindinakhale nalo chibadwire, ndipo mwamuna wanga ali ndi tsitsi pomwe dazi linali litayamba kale kulima. Nditadandaula, alamuwo anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Alamu, mukufuna zidzukulu zanu zidzakuoneni momwe mulilimu?" anatero.

Ine ndine Christabel, mng'ono wawo wa a Perpetua, akazi awo a Absalom. Tonse timakhala ku Highfields mumzinda wa Leicester, msewu umodzi, iwo pafupi ndi mzikiti, ine pafupi ndi golosale ya pakona. Chilamu chimandilola kuwanena momwe ndingafunire, ndiye ndiwanena. Koma ndivomereretu kuti nkhani iyi inandisiyira mafunso ambiri kuposa nthabwala.

A Absalom anabadwira ku Chikwawa. Sukulu itawakanika ali ndi zaka khumi ndi zisanu, anakwera mapiri aja kupita ku Limbe, kumene anapeza ntchito yosesa m'situdiyo ya zithunzi ya a Tayub. Chaka choyamba anagwira tsache. Chachiwiri analowa m'chipinda chamdima chotsukira zithunzi. Chachitatu a Tayub anawapatsa pensulo yosongoka ngati singano, n'kuwakhazika pafilimu ya mkwatibwi wina amene chiphuphu chinamumera pamphuno tsiku la ukwati lenilenilo. Masiku amenewo kompyuta kunalibe. Munthu ankaweramira pafilimupo ndi galasi lokuzira zinthu, n'kumadontheza timadontho mpaka chiphuphucho chizimiririke. A Tayub anali ndi lamulo limodzi lokha, lakuti munthu sabwera kusitudiyo kudzaona zimene galasi la kunyumba kwake limamuuza kale. Alamu analimeza lamuloli osatafuna, ndipo kwa zaka makumi awiri anthu a ku Limbe ndi ku Bangwe ankalowa ndi zipsera, makwinya ndi makolala opindika, n'kutuluka osalala.

Kenako kunabwera makamera opanda filimu, situdiyo inatsekedwa, ndipo mu 2004 achemwali anga atapeza ntchito ya unamwino kuno, a Absalom anawatsatira. England sanawafunse kuti kwawo ankatani. Ananyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu mpaka msana unayamba kuyankhula, kenako analowa ntchito yosambitsa ndi kudyetsa okalamba, zaka khumi ndi zinayi. Kamera ankaigwira Loweruka lokha, pamaukwati athu, pamaubatizo ndi pachikondwerero cha 6 Julayi. Ife tinkawatcha ajambuli, koma panalibe pepala lililonse la dziko lino lowatcha choncho. Sankanena, koma ndikudziwa kuti zinkawapweteka.

Chaka chatha, ali ndi zaka 58, achemwali anaona chilengezo pafoni. Kagulu kena ka akatswiri ofufuza zinthu zakale ku Loughborough kankafuna munthu wodziwa kamera ndi kuwala. Ine ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinati akatswiriwo akangoona alamu aziyesa kuti zinthu zakalezo zabwera zokha pasitima. Anapitabe, atavala suti yawo yabulawuni ya pamaukwati, ndipo patapita masiku khumi kunabwera kalata. Pamwamba pake panalembedwa kuti wojambula. Anawapatsa miyezi itatu yowayesa, ikatha bwino ntchito ndi yawo. Achemwali anavina m'khitchini, ndipo alamu anaika kalatayo m'Baibulo.

Zimene ankajambulazo ndi zomwe zinatisokoneza mitu tonse. Pachilumba china kumpoto kwenikweni kwa Scotland, kumene mphepo sipuma, mafunde anakokolola mulu wa mchenga m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo pansi pake panaoneka makoma a nyumba zamiyala. Akatswiri atakumba anapeza mudzi wa anthu amene anakhalapo zaka pafupifupi zikwi zisanu zapitazo. Nyanja ikudyabe malowo chaka ndi chaka. Zomwe anapulumutsa anazilongedza m'mabokosi: singano zamafupa, mikanda, mipeni yamiyala, mapale a miphika. Zambiri n'zofooka moti sizingamagwiridwegwiridwe kapena kuikidwa poyera, choncho anazibwereketsa kwa gulu la ku Loughborough kuti lizijambule, kenako zibwerere kumpoto kukatsekeredwa m'chipinda chozizira chamdima. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna kuziona, kaya ndi mwana wasukulu kaya pulofesa, aziona chithunzi cha pakompyuta basi.

Kujambula kwake si kuja kwa "tasekani pang'ono" ayi. Alamu anandifotokozera ndi sosala ndi anyezi patebulo langa. Chinthucho amachikhazika pakambale kozungulira. Kambaleko kakasuntha pang'ono kamera imajambula, kasunthenso ijambulenso, mpaka zithunzi mazana awiri kapena atatu, pamwamba, pansi ndi m'mbali. Kompyuta imazisoka zonsezo n'kupanga chinthu chimodzi chomwe umachitembenuza ndi chala pagalasi, kuchikuza, ngakhale kusuzumira m'kati mwake. Pomaliza munthu amakhala pansi n'kufufuta zosafunika, monga kamtengo kochirikizira, nsalu yakumbuyo ndi timadontho tosokera. Abwana awo, Dokotala Mahira, mayi wachitsikana wobadwira konkuno ku Leicester, anawauza momveka bwino kuti zofufuta ndi zimenezo zokha, chinthu chenichenicho asachikhudze. Alamu anamva, ndipo anavomera.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, chakudya chinkazizira m'mbale chifukwa cha anthu a pachilumba aja. Alamu ankabwera ndi mafunso thumba lodzaza.

"Tamvani alamu, kasingano kake n'kakang'ono chonchi, koma diso lake analiboola bwinobwino. Analiboola ndi chiyani popanda chitsulo? Ndiye Dokotala akuti pachilumbapo mitengo inali yosowa. Nanga ankaphikira chiyani? Munthu akamwalira ankamuika m'chiyani?"

"Bambo a Kondwelani, idyani," achemwali ankatero.

"Ndikudya. Koma mudziwe kuti chimanga analibe. Moyo wonse osachilawa n'kamodzi komwe. Nkhono za m'nyanja, nsomba, mazira a mbalame, basi. Ndipo anali ndi nthawi yopanga mikanda. Ankavalira ndani m'mphepo imeneyo?"

Chomwe chinkawadabwitsa kwambiri chinali Dokotala Mahira mwiniwake. Munthu wophunzira mpaka pomwe sukulu imathera, koma ukamufunsa amayankha kuti "sitikudziwa" kakhumi patsiku, osachita manyazi. Alamu ankati kwathu munthu wa digiri ngakhale umufunse dzina la agogo ake a Adamu, akupatsa ndithu. Ine poyamba ndinkangowaseka, koma matenda awowo anandipatsira. Tsiku lina ndinapezeka ndili m'basi kupita kushifiti ndikudzifunsa ngati mayi amene ankasokera singano ija ankatukwananso ulusi ukaduka.

Sabata yachisanu ndi chinayi, m'bokosi lina munatuluka kachidole. Kanali kotalika ngati chala chachikulu cha kudzanja, kosemedwa pafupa la namgumi, kokhala ndi timaenje tiwiri ta maso, kamphuno ndi kamzere ka pakamwa. Pa zonse za m'mabokosimo, kokhala ndi nkhope kanali kokhako. Pakhadi lake akatswiri anangolemba kuti nkhopeyo ndi yoperepeseka. Alamu atakaona anasangalala. Atatha miyezi iwiri akujambula mapale, tsopano kunabwera kasitomala. Sanakatchenso kachidole. Ankati "mayi aja", ndipo m'mawa ankawapatsa moni asanavule jekete.

Anawachitira zonse zomwe ankachitira amayi ake a mkwatibwi ku Limbe. Anatchinga magetsi ndi nsalu zoyera mbali zonse kuti mthunzi usagwe paliponse, pajatu kuwala kofewa kumabisa makwinya. Chithunzi chitatuluka pakompyuta anachikuza, ndipo patsaya lamanzere anaona timizere titatu tosaoneka bwino, tochokera pafupi ndi mphuno kulowera kukhutu. Anaganiza kuti chitsulo cha wokumba ndi chomwe chinawakanda mayiwo, ndipo anawamvera chisoni. Dzanja linapita lokha. Patangotha mphindi zisanu tsayalo linali see. Chithunzicho chinapita kwa Dokotala, Dokotala anachiyamikira, ndipo alamu anapitiriza ndi bokosi lotsatira.

Zinakhala choncho mpaka Lachitatu la sabata yomaliza. Mabokosi anayenera kunyamuka Lachisanu masana, ndipo Lolemba lotsatira alamu anayenera kusaina kontirakiti. Tsiku limenelo ndinali nditangofika cha m'ma faivi kuchokera kuchipatala kumene ndimagwira ntchito, nsapato ndisanavule, pamene ndinamva kugogoda. Anali alamu, chipewa kumanja, kukhwapa atapanira chinthu chokulunga m'thaulo. Ndinateleka ketulo koma anakana. Apo ndinadziwa kuti zavuta, chifukwa alamu anga sanakanepo tiyi.

"Alamu, ndapalamula," anatero.

"Mwagunda ndani? Inu galimoto mulibe."

"Mayi aja. Ndinawaedita."

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Masana amenewo ankalongedza kachidole kaja. Dzuwa la Disembala, lija limangokwawa m'munsi mwa mawindo, linalowa cham'mbali n'kugwa pankhopepo. Timizere titatu ta patsaya lamanzere tija tinaoneka. Atakatembenuza, patsaya lamanja panalinso titatu, totalika chimodzimodzi, totalikirana chimodzimodzi. Ta kumanjato tinali tosazama kwenikweni, moti kuwala kwawo kofewa kuja kunatimeza, kamera sinatione n'komwe.

"Chitsulo cha wokumba sichiwerenga, alamu. Sichingakande katatu kuno, katatu uko. Zija ndi mphini. Winawake anakhala pansi n'kuwatema dala."

"Dokotala waziona?"

"Ayi. Palibe waziona. Popanda dzuwa lija ngakhale ine sindikanaziona."

Apa ndinene zoona, ine sindinali kumbali ya angelo. M'maso mwanga munabwera achemwali anga akuvina m'khitchini muja, ndi alamu atabwerera ku matewera a okalamba ndi msana wawo wowawawo. Ndinakwiya, ndipo sindinadziwe ngati ndakwiyira iwo kapena kafupa ka namgumi.

"Ndiye khalani chete," ndinatero. "Lachisanu mayi anuwo akalowa m'firiji mwawo, Mande musaina. Anthu amenewo anafa Abrahamu asanabadwe. Adzakusumirani ndani?"

"Si okhawo. Mapale ena ndinawawongola m'milomo. Singano ina inang'aluka, ndinaitseka. Zonse zilipo ileveni."

"Ileveni! Alamu, mutu ukuyenda? Ndiye mukufuna mukadzipereke nokha ngati nkhuku yolowa m'khitchini?"

Anamasula thaulo lija n'kuika chithunzi patebulo. Chinali chakale, chopanda mitundu, cha mayi wina atavala duku, manja atawasanjika pamiyendo, nkhope yake yosalala ngati ya mtsikana. Zaka zonsezi ndikulowa m'nyumba mwawo ndinali ndisanachionepo. Anati chimakhala m'sutikesi pamwamba pa wadiropu.

"Awa ndi mayi anga," anatero.

Mu 1984 mayi awo anakwera basi kuchokera ku Chikwawa kudzaona komwe mwana wawo ankagwira ntchito. Kanali koyamba kufika ku Limbe, ndiponso koyamba kukhala patsogolo pa kamera. Anali ndi mphini m'masaya, zomwe anatemedwa ndi lumo ali namwali, monga ankachitira akazi a kwawo nthawi imeneyo. Anyamata a m'tauni ankaseka zinthu zotere, ankati n'zachimidzi, ndipo a Absalom, amene anali atangoyamba kuvala nsapato zopolisha, anachita manyazi. Anaweramira pafilimupo masiku awiri mpaka mphini zonse zinatha. Anakapereka chithunzicho monyadira. Mayi awo anachilandira ndi manja awiri, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi wokongola. Ndi wa kwa yani?" Sanachipachike pakhoma. Anamwalira mu 1991, ndipo chithunzi chawo padziko lonse ndi chimenecho. Filimu yake inatayidwa pamodzi ndi zinyalala situdiyo itatsekedwa.

Ketulo inali itazizira kale.

"Ndiperekezeni mawa," anatero. "Munthu sapita yekha kokagwada."

"Kuno ndi ku England, alamu. Anthu amatumiza imelo."

"Mlandu wotere sungayende pa imelo. Achemwali anu ndiwauza ndikabwerako, akamva lero BP ikwera. Inu ndinu ankhoswe anga basi."

Ndinafuna kukana, koma wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, ndipo amene anamva anali iwo. Chokhacho chomwe ndinakanitsitsa ndi nkhuku. Ankafuna tidzere pagolosale ya pakona tigule yopepesera, ndipo ndinawauza kuti ngati akufuna kukalowa m'ofesi ya anthu ophunzira atanyamula nkhuku yowuma ndi ayisi, apite okha pasitima.

Lachinayi m'mawa ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndipo tinanyamuka pagalimoto yanga. Ulendo wa ku Loughborough ndi wa mphindi makumi atatu, ndipo alamu anali atavala suti yabulawuni ija. Malo awo antchito anandikhumudwitsa. Ndinkayembekezera nyumba yamagalasi ngati za m'mafilimu, koma chinali chipinda chimodzi cha makatani akuda, chonunkha khofi, mabokosi atasanjikizana kukhoma. Dokotala Mahira anali wamfupi, wa maso akuthwa. Ataona mlendo sanafunse zambiri, anangondikokera mpando. Anthu a mu Leicester anaona zambiri.

Ndinayamba monga momwe timayambira kwathu, kungoti m'Chingerezi. Ndinati tabwera chifukwa pakhomo pagwa kanthu, ndipo munthu wamkulu akalakwa safuna kuti eni ake amvere kwa ena. Dokotala anandiyang'ana, anayang'ana alamu, ndipo ndinaona kuti akuganiza kuti wina wamwalira. Alamu anandigwira pamkono kuti ndisiye. Anaimirira n'kunena okha, osazungulira. Anatchula zinthu khumi ndi chimodzi zija chimodzichimodzi, nambala ya bokosi ndi chomwe anasintha, n'kumalizira ndi tsaya la mayi aja.

Dokotala atayankhula, mawu ake anali otsika, ndipo ine ndikanakonda akanakalipa.

"Bambo Kanthiti, ndinakuuzani tsiku loyamba. Zinthu izi zikapita, palibe adzazitulutsenso mwina kwa zaka makumi awiri. Wina akanalemba buku lonse pa tsaya limene munapanga inu."

"Munandiuza, Dokotala. Ndalakwa."

"Chifukwa chiyani? Munkafuna kubisa chiyani?"

"Sindinkabisa. Ndinkawakonza. Sindinazolowere kutulutsa munthu ali ndi chipsera."

Dokotala anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Ndinati basi, kontirakiti yapita. Koma atawavalanso ndinaona kuti mkwiyo uja ukulimbana ndi chinthu china, ndipo chinthu chinacho chikupambana.

"Mwati mizere ingati?" anafunsa.

"Itatu kuno, itatu uko."

"Ndionetseni."

Alamu anavala magulovu, anatsegula bokosi, n'kutulutsa mayi aja m'thonje ndi manja awiri. Ndinadabwa kuchepa kwake. Phokoso lonseli, achemwali anga osadziwa kanthu kuchipatala, ine kusiya shifiti, chifukwa cha kafupa koti kakhoza kulowa m'bokosi la machesi. Anawakhazika pakambale kaja. Ndinasuzumira ndipo sindinaone mzere uliwonse, nkhope yotuwa basi. Kenako alamu anatseka makatani, anazimitsa magetsi onse, anatenga katochi kamodzi n'kukagoneka patebulo cham'mbali, pafupifupi molingana ndi tsayalo. Anakasuntha pang'ono, anakasunthanso.

Mizere inatuluka. Itatu, yowongoka, yoyambira pafupi ndi mphuno. Anazunguza kambaleko, ndipo ina itatu inatuluka mbali inayo. Kanthu kaja kanasiya kukhala kafupa, kanakhala munthu wa kwinakwake, wokhala ndi abale amene akanamuzindikira pamsika. Ndinafuna kudziwa kuti anasema ndani, ankasema nkhope ya ndani, ndiponso ngati mwini nkhopeyo analira pomutema. Dokotala anagwada pansi kuti maso ake alingane ndi tebulo, osasamala za buluku lake, ndipo anakuwira mnzake wa pantchito amene anali panja, bambo wandevu dzina lake Dylan, kuti asiye chilichonse abwere.

"Kwanu zimatanthauza chiyani?" Dokotala anafunsa ali chigwadire.

"Kwathu zina zinali zokongoletsa, zina zamankhwala, ndipo ena ankati ukaona katemedwe umadziwa komwe munthu wachokera," alamu anayankha. "Koma za mayi awa, Dokotala, sindikudziwa."

Dokotala anawayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamwetulira pang'ono. Kumwetulirako sikunakhalitse. Anaimirira, anayang'ana wotchi, n'kunena kuti kwatsala tsiku limodzi ndi theka, ndipo zonse khumi ndi chimodzi ziyenera kujambulidwanso, kuyambira ndi kachidoleko. Za kontirakiti anati tidzakamba Lolemba. Ine anandithokoza chifukwa chobwera, mwaulemu ndithu, koma ndinamva kuti unkhoswe wanga watha, ndipo ndinabwerera ku Leicester ndekha.

Nthawi sinakwane. Anajambulanso zisanu ndi ziwiri. Zinayi zinabwerera kumpoto Lachisanu zisanajambulidwenso, ndipo zithunzi zake anazichotsa pamndandanda, n'kulembapo chifukwa chake. Mmodzi mwa akatswiri a kumpotoko analemba kalata yaukali, ndipo Dokotala ndiye anaiyankha.

Lolemba alamu sanasaine kontirakiti imene ankailota. Anawasiyira masiku awiri okha pasabata, ntchito yoyatsa magetsi ndi kugwira kamera. Pampando wofufutira saloledwanso kukhala, pamakhala Dylan. Masiku ena atatuwo anabwerera kwa okalamba awo, amene anawalandira ndi chimwemwe chifukwa palibe wina amawameta ndevu bwino ngati iwo. Achemwali atamva analira, kenako anakhala sabata yathunthu osandiyankhula ine, ngati kuti mphinizo ndinafufuta ndine. Pamndandanda wa zinthu za pachilumba paja, pansi pa chithunzi cha kachidoleko, pali mizere iwiri yokhala ndi dzina lawo. Woyamba ukuti chithunzi choyamba chinasinthidwa ndi A. Kanthiti ndipo chinachotsedwa. Wachiwiri ukuti mizere ya m'masaya anaiona koyamba ndi A. Kanthiti, wojambula. Ine ndinati apemphe woyambawo auchotse, koma anandiyang'ana mpaka ndinachita manyazi.

Mafunso awo sanathe. Tsopano akufuna kudziwa ngati anthu a pachilumbapo ankapaka makala m'mphinimo monga kwathu, ndipo akuti Dokotala walonjeza kufunsa ena oyeza zinthu ngati mwatsala kanthu kakuda m'mizeremo. Ine ndimafunsa zotsatira Lamlungu lililonse, ndipo mwamuna wanga akuti banja lonse lapenga.

Mwezi watha ndinapita kwawo kukabwereka simbi. Achemwali anali kushifiti. Ndinapeza alamu ali patebulo masana dzuwa likuwala, chithunzi cha mayi awo chili patsogolo pawo, pamwamba pake atayala kapepala kopyapyala koonekera, pensulo yosongoka ili kudzanja. Papepalapo panalibe cholembedwa chilichonse.

"Eya, ndi zimenezo," ndinatero. "Dzanja muli nalo. Munazichotsa nokha, zibwezeretseni."

"Ndinaimbira achemwali anga ku Chikwawa," anatero. "Akuti zinali zitatu tsaya lililonse. Ndinaimbira asuweni anga, akuti zinayi, ndi zina pachipumi. Akangana mpaka mayunitsi kutha."

"Nanga inuyo? Si inu munaweramirapo masiku awiri?"

Anayang'ana nkhope yosalala ija nthawi yaitali. Kenako anachotsa kapepala kaja, anakapinda bwinobwino, n'kubwezera pensulo m'thumba la malaya.

"Ndikalemba zongoganizira ndiwanamizira kachiwiri," anatero. "Za mayi a pachilumba aja ndikudziwa, alamu, zilipo sikisi. Za amene anandibereka sindikudziwa."